Tsamba la Kumanja

Chaka chilichonse amayi a kumpingo kwathu akamasankha maudindo, ine sindisowa pa ulembi. Wina amangoimika mkono n'kunena kuti, "Agogo awa ali ndi dzanja labwino, atilembere." Ine ndimakana. Ena amati ndimanyada, ena amati ukalamba wandilowa m'maso. Anene zimene anganene. Maso anga akulowetsabe ulusi pa singano, ndipo zilembo zanga zikadali zoongoka ngati mizere ya m'munda wa alangizi. Koma cholembera cha gulu la mapemphero sindidzachigwiranso, ndipo lero ndinena chifukwa chake, popeza onse amene nkhaniyi ikanawaika m'mavuto anatsogola kale.

Ndinali Fomu 3 pa sukulu ina yogonera komweko, kamtunda ndithu kuchokera pa Mitundu, m'zaka zija za chipani chimodzi. Masiku amenewo munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani. Pageti pankaima anyamata a malaya ofiira, ndipo ukapezeka ulibe, unkabwerera pomwepo, mwina utalawako kaye mbama. Ife ana a sukulu makhadi tinali nawo tonse. Nkhani za boma sitinkazitchula, ndipo tinkaona ngati sizikutikhudza. Mtima wathu unali kwina.

Pasukulupo tinali ndi kagulu ka mapemphero, anthu asanu ndi anayi basi. Loweruka lililonse masana tinkakumana m'kalasi ya kumapeto, ya mawindo osweka, kupempha chinthu chimodzi, chitsitsimutso. Tinkafuna kuti Mzimu wa Mulungu agwedeze sukulu yonse, anyamata asiye kuzemba kukamwa kachasu kumudzi, atsikana asiye kusokerera zithumwa za mayeso m'mipendero ya masiketi. Lachitatu tinkasala chakudya cha masana, ngakhale kunena zoona nyemba zake zinali zofumbwa moti kusalako sikunali kovuta kwenikweni. Anzathu ankatitcha abusa opanda nkhosa. Tinapemphera chaka chathunthu osatembenuka ndi mmodzi yemwe. M'malo mwake wina wa ife anatithawa n'kukalowa gulu la zisudzo.

Mwa otsalawo munali mnzanga wa ku Nathenje. Iye ankagona pabedi lapamwamba, ine lapansi. Ine ndinali wapakamwa, wosachedwa kupsa mtima, iye wofatsa moti ukamuponda phazi ankayamba ndiye kupepesa. Potsegulira sukulu ankabwera ndi chitini cha mtedza wokazinga, ndipo theka lake linkathera m'mimba mwanga. Anandiuza kuti bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, akuleredwa ndi atsibweni ake, alimi a fodya. Za amayi ake ankangoti ali kutali. Sindinafunse kuti kutali kwake n'kuti, chifukwa masiku amenewo ndinkakonda kulankhula kuposa kumva.

Tsiku lina aphunzitsi amene ankayang'anira gulu lathu, bambo wabwino wosadziwa kukalipa, anatibweretsera mlaliki wa ku tauni. Mlalikiyo atamva kuti tapemphera chaka chonse popanda kanthu, anapukusa mutu.

"Vuto lanu n'lakuti mumazungulira," anatero. "Mukalowa m'sitolo mumati ndipatseni katundu? Ayi. Mumati sopo, machesi, mchere. Nanga kwa Mulungu mukuzunguliranji? Tchulani dzina, tchulani malo, tchulani vuto."

Anatilangiza kuti tigule kope. Ku tsamba la kumanzere tizilemba chopempha, tsamba la kumanja tizilisiya loyera mpaka tsiku limene yankho lidzabwere. Zimenezi zinatisangalatsa kwambiri. Posankha mlembi sipanakhale mkangano, onse anatembenukira kwa ine chifukwa cha dzanja langa lija.

Loweruka lotsatira tinapempha chilolezo, ine ndi mnzanga uja tinayenda wapansi kupita pa Mitundu. Pageti la msika anyamata a malaya ofiira anatiimitsa. Ine ndinatulutsa khadi langa n'kudutsa. Mnzanga anamasula lake pakampango manja akunjenjemera, mpaka linagwa pansi. Titadutsa ndinamuseka. "Iwe, ukunjenjemera ngati waba nkhuku bwanji? Khadi ndi lako lomwe." Anangomwetulira.

Kope tinakagula m'sitolo ya bambo wina wachisilamu amene ana a sukulu tonse tinkamudziwa, chifukwa ankatiwonjezera switi tikagula sopo. Ndinasankha la chikuto cholimba, losokedwa ndi ulusi pakati.

"La masamu limeneli?" anafunsa akulipukuta fumbi.

"La mapemphero," ndinayankha monyada, n'kuwafotokozera za kumanzere ndi kumanja.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Mwana wanga, ife timapemphera kasanu pa tsiku koma sitilemba. Mulungu saiwala. Amene amafuna zolembedwa ndi anthu."

Ndinalandira kope langa n'kutuluka. M'njira ndinauza mnzanga kuti bambowo ali mumdima, tiwapempherere. Ndipo ndinawalembadi, anali a nambala 4 patsamba loyamba.

Chitsitsimutso chinabwera m'mwezi wotentha, mvula isanagwe. Loweruka lina tili pakati pa nyimbo, munalowa mtsikana wa Fomu 4 amene tonse tinkamuopa, wolanda ndiwo za ana a Fomu 1. Tinaganiza kuti wabwera kudzatisokoneza. Anayenda mpaka kutsogolo, n'kuika patebulo sopo mitanda iwiri, pitikoti ndi supuni zitatu. Anati zonsezo anaba, anatchula eni ake mmodzimmodzi, kenako anagwada n'kuyamba kulira ngati mwana. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake. Pasanathe mwezi kalasi ija inachepa, ena ankaimirira panja n'kulowetsa mitu m'mawindo osweka aja. Anyamata anaulula za nkhuku za aphunzitsi zimene zinkasowa. Atsikana anasolola zithumwa m'mipendero, tinakaziwotcha kuseri kwa khitchini, fungo lake ngati la chikopa chopserera.

Pano ndifuna ndinenetse, chifukwa pali anthu ena ophunzira amene amati zinali zotengeka chabe za ana. Bodza limenelo. Ndinaona ndi maso anga anthu akusintha, ndipo ena mwa iwo anakhala olungama mpaka imvi. Mulungu anatiyendera pasukulu ija. Chimene ndikudandaula nacho si chimenecho.

Masamba a kumanja anayamba kudzaza. Ndinkalemba ndi inki ya buluu, kutseka mzere pansi ndi rula, osadontheza ngakhale kadontho. Anthu ankanditsatira popita kumjigo n'kumanong'ona kuti, "Alembi, mundilembeko." Kunyada kunandilowa pang'onopang'ono ngati chiswe, ine n'kumati ndi changu cha pa Ambuye. Munthu akabwera ndi chopempha chozungulira ndinkamubweza. Ndinkafuna dzina, malo ndi vuto, monga anatiphunzitsira.

Loweruka lina, anthu ambiri ataulula zawo, mnzanga wa ku Nathenje anaimirira. Sanali munthu woimirira pagulu. Ananena motsitsa mawu kuti, "Abale ndi alongo, mundipempherere nkhani ya kwathu," n'kukhala pansi. Anthu anavomera kuti ame. Ine sindinalembe kanthu. Titabalalika ndinamugwira mkono, tinatsala awiri m'kalasimo, dzuwa likadali pamwamba.

"Nkhani ya kwathu ndiye kuti chiyani? Kwanu kwagwa nkhokwe? Mbuzi zasowa? Ndilemba chiyani pamenepa?"

"Mulungu akudziwa," anatero.

"Akudziwa, inde, koma akufuna utchule. Enafe taulula zonyansa zathu zonse pamaso pa anyamata, iwe ukubisa chiyani? Kapena sukutikhulupirira?"

Anayamba kukanda desiki ndi chikhadabo. Kenako anandiuza. Amayi ake anali a mpingo uja umene boma linauletsa, wa anthu okana kugula makhadi. Pamene anthu a mpingowo ankathamangitsidwa, iwo anathawa kudzera ku Dzalanyama n'kuwolokera ku Mozambique, mwana n'kumusiya kwa mlongo wawo. Tsopano anali atabwerera mobisa, akudwala chifuwa, akutsokomola magazi. Atsibweni ake anawabisa m'chigafa cha fodya kudimba, popeza nyengo imeneyo m'chigafa munalibe fodya. Chakudya ankawapititsira m'dengu ngati akupita kukathirira mbewu. Kuchipatala sakanapita, ankaopa kufunsidwa khadi. M'mudzi monse ankadziwa nkhaniyi anali anthu atatu, ine ndinakhala wachinayi.

Munthu wanzeru akanatseka kope n'kumukumbatira. Ine ndinatsegula kope n'kuchotsa chivindikiro cha cholembera.

"Usalembe," anatero.

"Ili ndi kope la Mulungu. Ukuopa anthu kuposa Mulungu? Ukufuna amayi ako achire kapena ayi?"

Funso limenelo ndi limene linamugonjetsa, ndipo ndinadziwa kuti limugonjetsa. Anagwetsa nkhope. Ine ndinayamba kufunsa monga mwa ntchito yanga. Dzina la amayi? Dzina la atsibweni? Mudzi? Mudziwo uli mbali iti ukatsika pa Nathenje? Chigafa chake chiti? Ankayankha ngati munthu wozulidwa dzino. Ndinalemba zonse: kuti ukawoloka mtsinje umatsata njira ya kumanzere, kuti chigafacho chili kuseri kwa nzimbe, pafupi ndi mtengo wa mkuyu. Pansi pake ndinalemba zopempha ziwiri. Choyamba, kuti amayiwo achire chifuwa. Chachiwiri ndinawonjezera ndekha, iye sanachipemphe: kuti atembenuke, asiye chiphunzitso chosocheretsa. Ndinatseka mzere ndi rula. Kenako tinagwada n'kupemphera, ndipo ine ndinalira misozi yeniyeni, chifukwa amayiwo ndinawamvera chisoni ndithu.

Kuyambira tsiku limenelo tinkawapempherera awirife m'mawa uliwonse tisanapite kukasesa. Pagulu sindinkawerenga tsamba limenelo. Ndinkadziona ngati munthu wodziwa kusunga chinsinsi.

Teremu ili pafupi kutha, aphunzitsi athu aja anandiitana. Anati pali lamulo lakuti gulu lililonse pasukulu, la zisudzo, la ulimi, la kwaya, lipereke kope lake ku ofesi kuti akuluakulu aone zimene ana amachita akakumana. Anawonjezera nkhani imene inandikoma m'khutu. Ife tinali titapempha kuti tizikumana mu holo yodyera popeza kalasi inachepa, ndipo aphunzitsi aakulu ankazengereza. "Akaona zimene Mulungu wachita m'kope lakoli, holo atipatsa," anatero aphunzitsiwo. Sindikhulupirira kuti anali ndi choipa mumtima. Kopelo anali asanaliwerengepo.

Musaganize kuti tsamba lija ndinaliiwala. Ndinalikumbukira bwinobwino. Masana amenewo ndinakakhala kuseri kwa nyumba yathu yogona, kope pamiyendo, tsambalo nditaligwira ndi zala ziwiri kuti ndiling'ambe. Koma aliyense amene anagwirapo kope losokedwa pakati akudziwa kuti ukang'amba tsamba limodzi, linzake la mbali inayo limasololoka lokha. Ndinafufuza kuti linzakelo ndi liti. Linali tsamba limene ndinalembapo za mtsikana wa Fomu 4 uja, sopo, pitikoti ndi supuni, tsiku limene chitsitsimutso chinayamba. Linali tsamba lokongola kuposa onse m'kope monse, ndipo ndi limene ndinkafuna kuti aphunzitsi aakulu aliwerenge.

Ndikanatha kulikopera pena. Ndikanatha kuthira inki pa dzina la mudzi. Ndikanatha kukwera pabedi lapamwamba n'kumufunsa mwini nkhani, amene nthawi imeneyo ankapinda zovala zake m'sutikesi. Safunsa anadya phula. M'malo mwake ndinayamba kudzilalikira ndekha. Ndinati kung'amba ndi chinyengo, ndipo ife tasiya ntchito za mumdima. Ndinati aphunzitsi aakulu ndi munthu wotanganidwa, adzangoona masamba oyamba. Ndinati Mulungu amene wagwedeza sukulu yonse sangalephere kuphimba tsamba limodzi. Zonsezo zinali zophimbira chabe. Choona n'chakuti ndinkafuna holo, ndipo ndinkafuna kuti anthu aone dzanja langa. Ndinakapereka kope lathunthu, mnzanga osamuuza.

Tsiku lotsekera tinatsanzikana pa Mitundu. Anandipatsa chitini chake cha mtedza chopanda kanthu kuti ndimusungire m'bokosi langa, popeza sutikesi yake inadzaza. Anati, "Usaleke kuwapempherera amayi." Ndinati sindingaleke. Ndipo sindinaleke, tchuthi chonse cha Khirisimasi ndinkawatchula dzina m'mawa ndi madzulo, mvula ikugwa, ife tikupalira chimanga.

Titatsegulira, bedi lapamwamba linakhala lopanda munthu. Sabata yoyamba ndinati mwina mitsinje yadzaza. Yachiwiri ndinati mwina akudwala malungo. Yachitatu anaikapo mtsikana wina.

Holo anatipatsa. Aphunzitsi athu analengeza akumwetulira, anthu anaomba m'manja, ena anandinyamula m'mwamba. Kope linabwerera lili ndi mawu a inki yofiira patsamba lomaliza, otiyamikira ndi kutilimbikitsa kuti tipitirize. Nditakhala pandekha ndinatsegula tsamba lija. Ngodya yake inali yopindidwa. M'mbali mwa dzina la mudzi munali kamzere ka pensulo, kakang'ono, kowongoka. Ine sindinkalemba ndi pensulo m'kope limenelo, ndipo sindinkapinda masamba.

Mpaka lero sindidziwa amene anaika kamzereko. Kope linakhala mu ofesi tchuthi chonse, ndipo mu ofesi mumalowa anthu ambiri. Kale ndinkataya nthawi kuganizira uyu ndi uyu, ndinkafuna munthu woti ndimude. Koma aliyense amene anali, anangowerenga zimene anazipeza zitalembedwa kale.

Teremu imeneyo ndinaimirira kutsogolo mu holo Loweruka lililonse, anthu odzaza mpaka kukhomo, nyimbo zikumveka mpaka kumidzi. Ndinkawerenga mayankho a mapemphero mawu ali gwa. Chitini chija chinali m'bokosi langa. Ndinkaopa kufunsa aphunzitsi, ndinkaopa kulemba kalata. Nthawi imeneyo ndinali nditaphunzira tsopano kuopa zolembedwa.

Pa tchuthi cha Pasaka ndinalephera kupirira. Ndinauza amayi anga kuti ndikukaona mnzanga wa kusukulu. Ndinakwera basi mpaka ku Lilongwe, n'kukweranso ina ya njira ya ku Dedza, n'kutsika pa Nathenje dzuwa lili paliwombo. Kumeneko ndinali ndisanafikeko chibadwire. M'chikwama ndinali ndi chitini chija ndi kope. Ndinaima pamthunzi, n'kutsegula tsamba lopindidwa lija. Ndinawoloka mtsinje, ndinatsata njira ya kumanzere, ndinaona nzimbe, ndinaona mkuyu. Sindinafunse munthu aliyense. Kuseri kwa nzimbeko kunalibe chigafa. Kunali nsanamira zinayi zakuda ndi phulusa limene mvula inalisandutsa matope, maungu atayamba kale kuyanga pamwamba pake.

Mayi wina amene ankathyola nkhwani anandilozera kumene mnzanga anali. Ndinamupeza m'chigafa cha anthu ena kumapeto kwa mudzi, atakhala pansi pamodzi ndi amayi angapo, akusoka fodya waganyu. Anali atavala chitenje chakuda, kumutu atameta. Manja ake anali bii ndi utomoni wa fodya. Atandiona sanadzidzimuke. Anamaliza kusoka masamba amene anali nawo, anapukuta manja pachitenje, n'kunditsogolera pansi pa mtengo, patali ndi anthu.

"Mwayenda bwanji?" anafunsa. Chiyambire kudziwana kwathu tinkaitanana kuti iwe. Tsiku limenelo anandilankhula ngati mlendo.

Ndinatulutsa chitini n'kumupatsa. Anachilandira ndi manja awiri n'kuchiika pambali. Ndinayamba kulankhula, ine wapakamwa uja, koma mawu ankangotuluka oduka. Ndinati kunali lamulo. Ndinati sindinkadziwa. Anandisiya mpaka nditatha.

"Anabwera patatsala masiku awiri kuti chaka chithe," anatero. "M'mawa, anthu akupita kumunda. Sanaime kwa amfumu, sanaime kunyumba kwa atsibweni. Anatsika galimoto pamsewu n'kulunjika kudimba. Anthu a m'mudzi muno mpaka lero akulozana zala, akuti alipo wina anawatsogolera, chifukwa mlendo sangafike pachigafa chija osafunsa njira. Atsibweni sakulankhulana ndi achimwene awo chifukwa cha nkhani imeneyi. Ine sindinauze munthu za kope lija." Anandiyang'ana. "Inu mwafunsa njira kwa yani?"

Ndinayang'ana chikwama changa mmene munali kope. Anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva zimene ankazidziwa kale.

Anandiuza kuti atsibweni ake anamenyedwa mpaka khutu limodzi linagontha, anawasunga milungu itatu. Fodya wawo yense anatemedwa ndi zikwanje ali m'munda, chigafa n'kuchiyatsa. Sukulu yake inathera pomwepo. Ananena zonsezi mosakweza mawu, akuchotsa utomoni m'zikhadabo ndi kamtengo. Ndikanakonda akanandimenya. Ndinagwada pafumbi n'kunena kuti andikhululukire, ndipo ndinayamba kunena kuti tipemphere.

"Kope mwabwera nalo?" anandidula.

Ndinalitulutsa.

"Tsegulani paja. Kumanja munalembako chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye lembani. Paja munati chopempha chilichonse chimakhala ndi yankho lake. Tchulani dzina, malo ndi vuto, osazungulira."

Ndinati sindingathe. Anati ndingathe, anandionapo ndikutha. Ndinakhala pamuzu wa mtengo, kope pabondo, iye akunena ine ndikulemba. Anatchula dzina la amayi ake lonse. Anati ndilembe kuti anawatulutsa m'chigafa akutsokomola, n'kuwapatsa khadi kuti aligwire, iwo anaika manja kumbuyo. Kuti anawayendetsa wapansi mpaka kumsewu akuwamenya, opanda mpango kumutu, ana akuona. Kuti patapita masiku anayi anawabweza pangolo chifukwa sankathanso kuima. Kuti anamwalira tsiku lotsatira pakhonde la mlongo wawo. Kuti pamaliro panalibe nyimbo, anthu anaopa kubwera, manda anakumba amuna atatu okha.

"Chimenecho ndi choyamba," anatero. "Chachiwiri chija munawonjezera nokha, chakuti atembenuke. Lembani kuti sanatembenuke."

Ndinalemba.

Akuluakulu amati walira mvula walira matope, ndipo anthu angapo amene ndinawauzako pang'ono za nkhaniyi ananditonthoza ndi mwambi umenewu. Sindiulandira. Mvula tinalira ndi ife, inagwa, tinakondwera. Matope anagwera mayi amene sanatipemphe kanthu, amene sindinamuonepo nkhope, amene ankakhulupirira zake mpaka kuika manja kumbuyo pamene ine ndinalephera kung'amba pepala limodzi. Ndinabwerera kusukulu, ndinatula pansi ulembi popanda kunena chifukwa, anthu anati ndabwerera m'mbuyo. Kope ndinati linatayika. Limenelo ndi bodza loyamba limene ndinanena chitembenukire, ndipo sindinalilape. Mnzanga uja ndinamulemberapo kawiri nditayamba ntchito, sanayankhe. Ndinamva kuti anakwatiwa cha ku Malingunde, ndipo zaka zapitazo anamwalira. Ngati anandikhululukira, sanandiuze.

Kupemphera sindinaleke. Adzukulu anga ali m'magulu otere kusukulu zawo, amabwera pa tchuthi maso akuwala, kundiuza kuti akusala kudya kuti Mulungu atsitsimutse anzawo. Ndimawapempherera ndi mtima wonse kuti awayendere monga anatiyendera ife. Ndimangowauza kuti mnzawo akanena kuti Mulungu akudziwa, amusiye, Mulungu akudziwadi.

Kope lija ndikadali nalo pansi pa sutikesi. Masamba onse ndi oongoka, a inki ya buluu, otsekedwa ndi rula, kupatula limodzi. Tsiku lija pansi pa mtengo zilembo zanga zinakwera ndi kutsika, misozi inasungunula inki malo awiri. Nditamaliza ndinamupatsa kuti aone. Analigwira m'mphepete kuti asalidetse ndi utomoni, anawerenga pang'onopang'ono kuyambira kumanzere mpaka kumanja, kenako anandibwezera.

"Kumanzereku kukuwerengeka bwino," anatero. "Kumanjaku sikukuwerengeka. Lembaninso."

Ndinatsika mizere iwiri n'kuyambiranso, iye ataimirira pambali panga kudikira.